Loya wa Mkeka

Mukafika pa Karonga n'kufunsa za Manase Mwandenga, anthu ayamba kaye akanda kumutu. Koma mungoti Loya wa Mkeka, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pa depoti akulozerani kwawo, n'kukuwonjezerani nkhani imene simunafunse. Mwini wake dzinali linkamunyansa poyamba. Munthu wathera zaka ku Zomba akuswa mutu ndi mabuku, mapeto ake azimutchula ndi chinthu choyanikapo mpunga! Koma anthu a kuno akamakupatsa dzina sakufunsa ngati walikonda, ndipo patapita nthawi nayenso anayamba kuyankha akamuitana choncho.

Ndipotu ndi mkekawo umene unamupezetsa ntchito. Atamaliza maphunziro anakaonekera pamaso pa akuluakulu amene ankafuna maloya a ku ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Anzake amene anayamba kulowa anatchula makampani a maloya a ku Blantyre kumene ankalongosolako mafayilo pa holide. Iye atamufunsa kuti anachitapo chiyani m'khoti, anati, "Ndinanyamulapo mkeka, mabwana." Akuluakulu aja anafa nacho chiseko, kenaka anamuuza kuti afotokoze. Pamene ankamaliza panalibenso woseka, ndipo mwezi wotsatira anamuitana kuti akayambe ntchito.

Manase anabadwira kumpoto kwa Boma, m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, kumene mwana amadziwa kukama ng'ombe asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo ake, omwe anali mkulu wa mpingo, anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye anamulera ndi mayi ake, a Eliness, mlimi wa mpunga wa pakamwa pakuthwa. Pakamwapo mwana anatengera ndithu. Kusukulu ankatsutsa aphunzitsi, kutchalitchi ankatsutsa alaliki, kunyumba ankatsutsa ndi nkhuku zomwe. Mayi ake ankati mwana ameneyu akapanda kukhala loya adzafa ndi makofi a anthu. Mwamwayi mutu unali wabwino, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anamusankha kupita ku Chansela Koleji kukaphunzira zamalamulo.

Holide yaitali ya chaka chake chachitatu itafika, anzake anapeza malo kwa maloya a mumzinda. Manase analibe mbale ku Blantyre woti n'kumusunga, moti mtima unamuwawa kwambiri. Mphunzitsi wina anasonkhanitsa otsalawo nawauza kuti, "Pitani kwanu mukakhale pakhonde la khoti. Kuli anthu amene amalowa m'khoti opanda wowayankhulira, osadziwa ngakhale poima. Akathandizeni, ndipo musakalandire kanthu, ngakhale dzira. Pamaso pa majisitireti simuloledwa kuyankhula, poti simunakhale maloya, koma makutu ndi miyendo muli nazo." Manase anakwera basi yobwerera kwawo akung'ung'udza njira yonse, ndipo njira ya ku Karonga masiku amenewo inali yokwanira kung'ung'udza mpaka mawu kutha.

Pa Karonga panalibe loya ndi mmodzi yemwe. Kalaliki wa pakhoti anamulola kuti azikhala pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo, ndipo anthu anayamba kubwera: wina kudzafunsa tanthauzo la samani, wina kudzafunsa ngati kuvomera mlandu kumachepetsa chilango, wina kungodzamuona mwana wa a Eliness atavala tayi dzuwa likuswa mtengo. Zaka zimenezo mwana wa koleji wosonkhanitsa anthu pansi pa mtengo ankatha kufunsidwa kuti msonkhanowo ndi wa chiyani, choncho khadi la chipani ankaliika m'thumba la malaya loonekera, ndipo anthu ankayankhula nawo mmodzimmodzi. Madzulo akabwerera kumudzi manja lendelende, mayi ake ankamulonjera kuti, "Mwabwera a loya? Lero mwawinira angati, kuti tigule mchere?"

Tsiku lina analowa m'khoti kukamvera mlandu wa kuba ng'ombe. M'kabokosi ka woimbidwa mlandu munaima mkulu wina woonda, wa imvi, dzina lake a Zebedee Mwafongo, a m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Wodandaula anali Gordon, mnyamata wogwira ntchito ku Lilongwe, amene anabwera kudzaika maliro a bambo ake, a Lyson. Maliro atatha anapeza kuti ng'ombe yaikazi ya bambo akewo mulibe m'khola, ndipo atafufuza anakaipeza m'khola la a Zebedee. Mtima uli kale ndi chisoni, sanafunse zambiri, anangopita kupolisi.

A Zebedee ankati ng'ombeyo anabwera nayo ndi malemu Lyson eni ake, tsiku limene Rukuru anasefukira, kudzaisungitsa kumtunda kuti isapite ndi madzi. A Zebedeewo tsikulo kunalibe, anali ku maliro ena. Ndipo ankati sakanaibweza mwamsanga, chifukwa ng'ombe yosungitsa suipirikitsira pakhomo pamene anthu akulira; umadikira abale akhale pansi, alongosole za chuma cha malemu. Zonsezo zinali zomveka, koma womwalira sachitira umboni. Munthu yekhayo amene anaona a Lyson akubwera ndi ng'ombeyo, amenenso anawatsegulira khola, anali Yunike, mkazi wa mwana wa a Zebedee.

Mesenjala anaitana dzina la Yunike. Mayi wa msinkhu wapakati analowa mwaulemu, maso ali pansi. Atafika pakati pa khoti anadzutsa mutu pang'ono kuti aone poima, ndipo anaona kuti malo a mboni ayang'anizana ndendende ndi kabokosi komwe munaima apongozi ake. Pomwepo anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso, anagwada, nayamba kubwerera chafutambuyo mpaka kutuluka pakhomo. A Zebedee nawo anali atatembenukira kukhoma.

Pa mabenchi onse panalibe Mnkhonde amene sanadziwe chimene chachitika. Kwa Ankhonde mkazi wokwatiwa ndi bambo a mwamuna wake saonana kumaso, sakhala pamalo amodzi moyang'anizana, ndipo mkaziyo dzina la apongozi akewo salitchula. Koma zaka zimenezo munthu sankatsegula pakamwa m'nyumba ya boma asanafunsidwe. Womasulira naye ankadziwa, koma ntchito yake inali kutembenuza mawu, ndipo mayiyo sananene mawu alionse. Majisitireti, a Morton Kamchedzera, anali a ku Dedza, ndipo anali asanathe chaka pa Karonga. Iwo anangoona mboni imene yathawa itaona nkhope ya woimbidwa mlandu. Anavula magalasi nanena kuti mlandu auimitsa mpaka sabata yotsatira, ndipo mboniyo ikadzakananso adzagamula ndi umboni umene ulipo. Umboni umene unalipo unali ng'ombe ya mwini m'khola la a Zebedee, ndipo mlandu wa ng'ombe chilango chake chinali zaka.

Manase anamupeza Yunike kuseri kwa khoti, atakhala pansi pafupi ndi poimika njinga, akulira mosatulutsa mawu. Anamulonjera m'Chinkhonde, nadzitchula kuti ndi mwana wa a Eliness. Kenaka, poti anali Manase, anayamba kulalikira. Mwambowo ankaudziwa, koma kwawo kwa mkulu wa mpingo sankausunga kwenikweni, ndipo sukulu inali itamutsimikizira kuti ndi zinthu zakutha. Anamuuza mayiyo kuti lamulo la dziko ndi lalikulu kuposa mwambo, kuti kukana kuchitira umboni nakonso ndi mlandu, kuti ndi kanthawi kochepa chabe, angolimba mtima. Anatchulanso ndi magawo a malamulo, m'Chingerezi, ngati kuti Chingerezi chimapukuta misozi.

Yunike anamudikira mpaka atamaliza. "Achimwene, mwayankhula bwino," anatero. "Ine pakhomo paja ndinalowa ndili mtsikana. Mwana wanga woyamba pano akulima yekha munda. Nthawi yonseyi nkhope yawo sindiidziwa. Ndimadziwa chifuwa chawo, chifukwa akamabwera amatsokomola kuti ndipatuke. Mwamuna wanga ali ku maesiteti ku Kasungu, ndipo amene amandigawira mkaka wa ana ndi iwowo. Ndiye lero ndiwayang'ane m'maso anthu onse akuona? Ndikatero ndiye kuti ndawavula. Ndikabwerera bwanji pakhomo paja?"

"Nanga akamangidwa mukabwerera bwanji?" anafunsa Manase.

Mayiyo anangophimbanso kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo Manase anachoka ali ndi manyazi osakanikirana ndi mkwiyo.

M'mawa mwake anapita kundende kumene ankasunga odikira milandu, poganiza kuti mkuluyo ndiye angamulamule mpongozi wakeyo kuti ayankhule. Anawapeza a Zebedee atakhala padzuwa pafupi ndi waya, akutsokomola chifuwa chochokera pansi penipeni. Atamva chimene mnyamatayo wadzera anapukusa mutu.

"Ayi, mwana wanga. Mwana uja musamubweretsenso. Ndinalakwa ine kumutchula kwa apolisi."

"Tata, akupatsani zaka. Ndi chifuwa ichi simudzatulukamo wamoyo."

"Kyala, Mulungu wathu, ndiye akudziwa zimenezo," anatero mkuluyo. "Koma mwana wa eni wandilemekeza moyo wake wonse. Sindingamuchititse manyazi chifukwa cha khungu langa lakuthali."

Apa Manase anapsa mtima zenizeni. Anthu awiri, onse osalakwa, onse okondana, ndipo aliyense akukankhira mnzake kuphompho mwaulemu! Usiku tulo ankagona tochepa, nsima ankangoitola. Ankaona kuti mkulu uja akafera m'ndende chifukwa cha ng'ombe imene sanabe, ndipo iye, ndi mabuku ake onse, analibe chochita. Mayi ake ataona kuti wasiya kutsutsa nkhuku anadziwa kuti zinthu zavuta, moti za mchere zija anayamba asiya.

Anapitabe kundende kuja masiku otsatira, mwina chifukwa chosowa kwina kopita. Tsiku lina masana, ali chiimire pawaya ndi a Zebedee, mkuluyo anasuzumira kumsewu, natembenuka msanga n'kutsokomola kawiri. Sichinali chifuwa cha matenda chija ayi, chinali chifuwa chochita kupanga. Kuseri kwa ngodya ya khoma kunamveka mawu a mayi akuyankhula ndi msilikali wa pachipata, mokweza kuposa mmene munthu amayankhulira ndi amene ali naye pafupi.

"Bwana, muwauze eni mbale iyi kuti muli mbalagha ya nthochi ndi nyama, adye isanazizire. Muwauzenso kuti thole lija, kamwana ka ng'ombe, layamba kudya udzu."

Msilikali sanasunthe n'komwe, anangopitiriza kutokosa m'mano. A Zebedee anayang'ana Manase nati, mokwezanso, "Mwana wanga, uwauze amayi a adzukulu anga kuti tholelo asalimasule m'mawa, mame angalitsegule m'mimba."

Manase, mwaulemu wake, anatembenuka kuti akapereke uthengawo. Asanaponye phazi yankho linali litabwera kale kuchokera kuseri kwa khoma: "Bwana, muwauze kuti tamva." Anakambirana choncho za denga lodontha, za mdzukulu amene akudwala chikuku, za mbewu ya mpunga, wina akuuza msilikali, wina akuuza Manase, ndipo panalibe amene ankadikira kuti otumidwawo anene kanthu. Manase anaima pakati pawo kukamwa kuli yasa. Anakulira m'dziko lomweli, zoterezi anaziona kambirimbiri, koma anali asanaziyang'anitsitse. Anthu awiriwa ankayankhulana tsiku ndi tsiku. Chimene sankachita ndi kuonana basi.

Anathamangira kwa kalaliki kukabwereka buku la kayendetsedwe ka milandu, nakhala nalo pansi pa mango paja mpaka nyerere zinamukwera. Lamulo linkafuna kuti umboni uperekedwe woimbidwa mlandu alipo, akumva, ndipo apatsidwe mpata wofunsa mafunso. Sanapeze paliponse pamene linkakakamiza mboni kumuyang'ana kumaso. Anabwerera kundende, anapitanso kutsidya kwa mtsinje, nafunsa aliyense payekha funso limodzi: pakati panu patakhala chotchinga, inu n'kumauza majisitireti, zingatheke? Yunike anaganiza nthawi yaitali nati, "Ngati ndikuuza bwanayo, osati iwowo, ndiye palibe cholakwika." A Zebedee anati, "Chotchingacho chisakhale chobooka."

Chinatsala ndi chovuta kwambiri. Mwana wa sukulu sangaimirire m'khoti n'kupempha kanthu. Anayamba ndi sajeni wa polisi amene ankazenga mlanduwo, bambo wa ku Mulanje wotopa ndi kutentha kwa Karonga. Sajeniyo anati iye alibe nazo vuto bola majisitireti avomere, nawonjeza kuti, "Koma iwe mwana, usamale. Ana a koleji oyankhulayankhula amabwerera kumudzi opanda satifiketi." Mawuwo anamulowa Manase mpaka m'mafupa, chifukwa anali oona. Komabe anapempha kalaliki kuti amulowetse kwa majisitireti, sajeni ali pomwepo, kuti pasadzakhale wonena kuti anakambirana za mlandu kuseri.

A Kamchedzera anamvetsera akugogoda tebulo ndi cholembera. "Mnyamata, khoti si bwalo la chinamwali," anatero. "Lero ndikalola chotchinga, mawa wina adzafuna kuchitira umboni ali pamwamba pa mtengo. Mboni yonena zoona imaopa chiyani kuyang'ana munthu kumaso?"

Manase anali atakonza mfundo zambiri zamalamulo, koma zonse zinamuthawa. Anangomva pakamwa pake pakutuluka funso limene sanalikonze: "Pepani bwana, mundikhululukire. Inuyo kwanu mukakumana ndi apongozi anu aakazi panjira yopapatiza, mumatani?"

Kalaliki anayang'ana kudenga. Sajeni anayang'ana nsapato zake. Manase anaona satifiketi yake ikuuluka kutulukira pawindo. Cholembera chija chinasiya kugogoda.

"Ndimalowa patchire," anatero a Kamchedzera pang'onopang'ono. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Chaka china ndinalowa pa chitedze. Ndinakanda sabata yathunthu, ndipo mpaka lero mayi aja sadziwa chimene chinandichitikira." Sajeni anaphulika nako kuseka, nati kwawonso n'chimodzimodzi. Atapukuta misozi, majisitireti anabwezera magalasi kumaso nakhalanso majisitireti. Anati alola, koma woimbidwa mlandu avomere yekha m'khoti, ndipo iwo nkhope ya mboniyo aziiona bwinobwino. "Chotchingacho ubwere nacho wekha. Boma lilibe ndalama ya zimenezo."

Ndi mmene mkeka wa a Eliness unalowera m'nkhaniyi. Unali waukulu, wolukidwa mothina, woyanikapo mpunga wa mbewu. Mayiwo anaukutumula akudandaula kuti anatumiza mwana ku yunivesite kuti azibweretsa katundu pakhomo, osati kutulutsa. Koma anaukulunga okha, anaumanga pa njinga okha, ndipo tsiku la mlandu anavala chilundu chawo cha kutchalitchi n'kutsatira pambuyo, ati kukaonetsetsa kuti mkeka wawo ubwerere.

M'khoti munabuka vuto limene panalibe analiganizira. Manase anabwera ndi chingwe kuti amange mkekawo kuchokera pawindo kufika pa msomali wa kukhoma. Mesenjala ataona msomaliwo anatuwa, chifukwa unali pansi penipeni pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo mkeka ukanaphimba chibwano cha chithunzicho. Zimenezo ndiye zikanamangitsa khoti lonse, ndi majisitireti omwe. Msomali wina panalibe, ndipo kukhoma watsopano pa nyumba ya boma kunkafuna chilolezo. Mapeto ake mesenjala anagwira mbali imodzi, Manase mbali inayo, manja m'mwamba, tayi ili pakhosi. Umu ndi mmene mwana wa a Eliness anaonekera koyamba pamaso pa khoti.

A Zebedee atavomera kuti mlandu uyende chotero, Yunike analowera khomo la kumbali. Anaima pamalo a mboni, mkeka uli kudzanja lake lamanzere, nalumbira atagwira Baibulo. Mawu ake poyamba ankanjenjemera. Sajeni anamufunsa ngati akumudziwa woimbidwa mlandu, ndipo iye anati ndi bambo a mwamuna wake, agogo a ana ake.

"Dzina lawo?"

"Limenelo, bwana, mulitchule ndinu. Ine ndivomera."

Sajeni analitchula, iye anavomera. "Nanga mukudziwa bwanji kuti amene ali kuseri kwa mkekawu ndi iwowo, poti simukuwaona?"

Yunike asanayankhe, kuseri kwa mkeka kunamveka kutsokomola kawiri, kochita kupanga kuja. "Ndi iwowo," anatero mayiyo, ndipo mabenchi onse anaseka mpaka mesenjala anaiwala kuti ntchito yoletsa phokoso ndi yake.

Kuyambira pamenepo mawu ake analimba. Anafotokoza za tsiku la madzi lija: mmene a Lyson anafikira atanyowa mpaka m'chiuno, akukoka ng'ombe ya nyanga yothyoka kumanzere, mmene iye anawatsegulira khola, mmene anawapatsira mkaka wa chambiko kuti amwe, iwo n'kukana kukhala pansi poti ankathamangira kukapulumutsa mbuzi. Sajeni anamupanikiza uku ndi uku, monga mwa ntchito yake, koma nkhaniyo sinasinthe. Manase manja anali atayamba kuyaka moto, thukuta likutsikira m'maso, koma ankadziwa kuti mkekawo ukangotsika pang'ono zonse zathera pomwepo. Analuma mano n'kuukweza.

"Malemuwo ananenapo chiyani posiya ng'ombeyo?" anafunsa majisitireti.

"Anaisisita pamphumi, bwana, nati, 'Mundisungire bwino uyu. Zina zonse madzi atenge, koma uyu ayi. Uyu ndi wokalowolera mkazi wa Gordon wanga, mwina angasiye kukhala yekha m'tauni ngati mlonda.'"

Pa benchi lakutsogolo panamveka kulira kwa mwamuna. Anali Gordon. Anaimirira osapempha chilolezo, misozi ili chuchuchu, nati mawu amenewo ndi a bambo ake enieni, ankamunena choncho nthawi zonse akabwera ku holide, ndipo panalibe munthu wakunja akanawapeka. Anati walakwira munthu amene anasunga chuma chake, ndipo akupempha kuti mlandu uthe. A Kamchedzera anamuuza kuti akhale pansi, khoti lili ndi njira zake. Analemba kwa kanthawi, kenaka anawerenga chigamulo: a Zebedee Mwafongo alibe mlandu, ndipo ndi mfulu kupita kwawo.

Manase sanatsitse mkeka mpaka Yunike atatuluka. Atautsitsa manja anakana kubwerera pansi bwinobwino. Mtima wake unapepuka mwakuti akanatha kulira, ndipo kunena zoona analira pang'ono, akunamizira thukuta. A Eliness anabwera, anaulanda mkeka wawo, anauyang'ana ngati wang'ambika, kenaka anamuyang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali. "Bambo ako akanakhalapo," anatero, osamaliza. Pomwepo mayi wina pagulu anafuula kuti, "Ndi ameneyo loya wa mkeka!" ndipo dzina linamatirira.

Pa ntchito yake yonse ya pambuyo pake, ku Mzuzu ndi kwina kumene boma linamutuma, Manase ankadziwika ndi chizolowezi chimodzi. Mboni ikakhala chete, anzake ankati ndi yabodza kapena yopusa, koma iye ankayamba wafunsa kuti m'chipindamo muli ndani amene mboniyo singayankhule pamaso pake. Ana a sukulu ya malamulo akabwera kwa iye kudzafuna malo a holide ankawatumiza kumakhonde a makhoti a kwawo, ndipo akang'ung'udza ankawauza kuti nayenso anang'ung'udza kuchokera ku Zomba mpaka ku Karonga. Ankati zimene anaphunzira masabata amenewo, osalandira ndi dzira lomwe, ndi zimene zinamudyetsa moyo wake wonse.

Koma chimene iye ankakonda kukumbukira si chigamulo chija ayi. Ndi zimene zinachitika panja, anthu atayamba kubalalika. Gordon anali atagwada kale pamaso pa a Zebedee, mkuluyo n'kumudzutsa, namuuza kuti ng'ombe akaitenge abale akakhala pansi, monga zinayenera kukhalira poyamba. Kenaka mkuluyo anabwera pansi pa mango paja, atatsamira ndodo, namugwira Manase dzanja ndi manja onse awiri. "Ndaga fijo, mwana wanga," anatero, kuthokoza kwambiri m'Chinkhonde. Atatero anayang'ana ku ngodya ya khoti, kumene kunkaoneka kansonga ka chitenje, natsokomola kawiri. Kansongako kanabwerera kuseri.

"Mwana wanga," anatero mokweza, "uwauze amayi a adzukulu anga kuti ndinabala ana aamuna okhaokha, ndipo ndinkadandaula. Uwauze kuti lero ndasiya kudandaula."

Ulendo uno Manase sanasunthe. Anangoima, maso ali pansi, monga anachitira msilikali uja. Kuseri kwa khoma kunamveka munthu akumina, ndipo mawu anabwera.

"Achimwene, muwauze eni khola kuti tamva. Muwauze adzere njira ya kumsika, ayende pang'onopang'ono. Ine ndidzera yachidule, kuti akamafika apeze madzi osamba atatentha."